Mmene Mungasankhire Pulogalamu ya AI Yopangira Zithunzi za Nkhope Zooneka Ngati Zenizeni

Mapulogalamu a AI (nzeru zopangidwa za makompyuta) amene amapanga zithunzi kuchokera pa mawu olembedwa achuluka kwambiri kuyambira m'chaka cha 2022, pamene DALL·E 2, Midjourney ndi Stable Diffusion anafika m'manja mwa anthu wamba m'miyezi yotsatizana. Pafupifupi onse amatha kupanga phiri, nyumba kapena galimoto yooneka bwino, koma nkhope ya munthu ndi nkhani ina, chifukwa maso athu anazolowera nkhope kuposa chinthu china chilichonse ndipo amazindikira msanga kuti pali chosalongosoka, ngakhale tisanadziwe kuti cholakwikacho chili pati. Pa chifukwa chimenechi, si nzeru kusankha pulogalamu potengera zithunzi zokongola zimene kampani yaika pa tsamba lake, pakuti zimenezo zinachita kusankhidwa pakati pa zambirimbiri zimene zinatayidwa. Njira yodalirika ndi kuyesa nokha mapulogalamu angapo ndi mawu ofanana, kenako n'kupenda zotuluka mwadongosolo.

Choyamba: dziwani ntchito imene chithunzicho chidzagwire

Musanatsegule pulogalamu iliyonse, lembani zimene mukufuna kuchita ndi chithunzicho, chifukwa yankho lake limachotseratu mapulogalamu ena musanawononge nthawi yanu. Pali anthu amene akufuna nkhope ya munthu wongopeka kamodzi kokha, monga yoika pachikuto cha kabuku kapena pa chikwangwani chotsatsira malonda. Pali ena amene akufuna kuti munthu wongopekayo azionekera m'zithunzi zambiri, atavala zosiyanasiyana komanso ali m'malo osiyanasiyana, koma nkhope yake isasinthe. Ndiye pali amene akufuna chithunzi cha munthu weniweni, kawirikawiri cha iwo eni, chooneka ngati chojambulidwa mu situdiyo. Ntchito yoyambayo mapulogalamu ambiri amaikwanitsa, pamene ziwiri zinazo zimafuna pulogalamu yotha kulandira chithunzi cha chitsanzo n'kusunga maonekedwe ake, ndipo apa ndi pamene mapulogalamu amasiyana kwambiri.

Lembaninso ngati chithunzicho chidzagwiritsidwa ntchito popezera ndalama kapena ayi. Ngati cholinga chanu n'chithunzi cha pasipoti kapena cha chiphaso chilichonse cha boma, lekerani pomwepa, chifukwa chimenecho chiyenera kukhala chojambulidwa ndi kamera ndipo sichiyenera kusinthidwa ndi AI.

Chachiwiri: dziwani chikhalidwe cha pulogalamu iliyonse

Midjourney, imene inayambitsidwa ndi David Holz ku San Francisco, inatchuka chifukwa cha zithunzi zokhala ndi kuwala kochititsa chidwi ndi mitundu yokoma. Poyamba inkagwiritsidwa ntchito kudzera pa pulogalamu yochezerana ya Discord pokha, koma kuyambira mu 2024 ili ndi tsamba lake. Mtundu wake wachisanu, umene unatuluka mu Marichi 2023, ndi umene unachititsa anthu ambiri kuzindikira kuti chithunzi cha AI chingathe kuwapusitsa, ndipo chithunzi chabodza cha Papa Francis atavala jekete loyera lotukumuka chimene chinapangidwa ndi Midjourney chinafalikira m'mwezi womwewo. Vuto lake pa ntchito ya nkhope ndi lomwelo limene limaichititsa kukondedwa: imakonda kukongoletsa. Ngati simunaiuze zina, imakupatsani munthu wooneka ngati wa pachikuto cha magazini. Mungachepetse zimenezi powonjezera --style raw kumapeto kwa mawu anu ndi kutsitsa nambala ya --stylize, imene imayambira pa 0 kufika pa 1000 ndipo nthawi zonse imakhala pa 100 ngati simunaisinthe.

Zithunzi za mu ChatGPT, za kampani ya OpenAI, ndi za mu Gemini, za kampani ya Google, zili ndi ubwino wina wosiyana. Mumalankhula ndi pulogalamuyo m'ziganizo wamba, ndipo chithunzi chikatuluka mungaiuze kuti isinthe mtundu wa malaya kapena itembenuze mutu pang'ono popanda kuyambiranso. OpenAI inaika DALL·E 3 mu ChatGPT mu Okutobala 2023, kenako mu Marichi 2025 inabweretsa njira yatsopano yopangira zithunzi imene imatsatira malangizo aatali bwino kwambiri. Google nayo inatulutsa mu Ogasiti 2025 model (ndiye kuti AI yophunzitsidwa imene imapanga zithunzi m'kati mwa pulogalamu) imene anthu amaitchula kuti Nano Banana, yodziwika ndi kusunga nkhope ya munthu pamene mukusintha zovala kapena malo. Mapulogalamu awiriwa ndi oyenera munthu amene akungoyamba kumene, ngakhale kuti ali ndi malamulo okhwima ndipo nthawi zina amakana pempho limene lilibe vuto lililonse.

Stable Diffusion, ya kampani ya Stability AI, inatulutsidwa poyera mu Ogasiti 2022, kutanthauza kuti aliyense angathe kuiika pa kompyuta yake. Mitundu yake yoyambirira inaphunzitsidwa ndi zithunzi za mapikiselo 512 m'litali ndi m'lifupi, pamene mtundu wake wotchedwa SDXL wa mu Julayi 2023 unafika pa 1024. Mphamvu yake yeniyeni ili mwa anthu ambirimbiri amene aikonzanso kuti izipanga khungu ndi nkhope zooneka zenizeni, ndipo ntchito zawo zimapezeka pa masamba a pa intaneti a Hugging Face ndi Civitai. FLUX.1, imene inatulutsidwa mu Ogasiti 2024 ndi Black Forest Labs ya ku Germany, ili m'gulu lomweli ndipo imachita bwino kwambiri pa manja ndi pa kutsatira mawu, ngakhale kuti oigwiritsa ntchito ambiri aona kuti imakonda kuika kamzere pakati pa chibwano cha pafupifupi munthu aliyense. Mapulogalamu amenewa amapatsa munthu ulamuliro waukulu kuposa ena onse, koma amafuna kuleza mtima pophunzira.

Adobe Firefly, imene inayamba mu Marichi 2023, inaphunzitsidwa ndi zithunzi za Adobe Stock (nkhokwe ya zithunzi zogulitsa ya kampani ya Adobe), zithunzi zokhala ndi chilolezo ndiponso zimene umwini wake unatha. Ndi yabwino kwa amene amagwira kale ntchito mu Photoshop, pulogalamu ya Adobe yokonzera zithunzi, kapena amene akupangira zithunzi kampani yosamala kwambiri za malamulo. Ideogram imadziwika makamaka ndi kulemba bwino mawu m'kati mwa chithunzi, choncho muiganizire pokhapokha ngati nkhopeyo idzakhala pa chikwangwani chokhala ndi zolemba.

Pa onsewa sankhani atatu okha oti muyese. Mukachulukitsa mudzatopa musanapende bwinobwino ngakhale imodzi.

Chachitatu: onani zipangizo zimene muli nazo

Midjourney, ChatGPT, Gemini ndi Firefly amagwira ntchito pa makompyuta a makampani awo, moti foni kapena laputopu wamba yokhala ndi intaneti ndi yokwanira. Kuti muike Stable Diffusion kapena FLUX pa kompyuta yanu pamafunika graphics card (chipangizo cha m'kompyuta chogwira ntchito ya zithunzi) yamphamvu, makamaka ya Nvidia, yokhala ndi memori ya 8 GB kapena kuposerapo ngati mukufuna kugwiritsa ntchito SDXL momasuka, ndipo FLUX imafuna yoposa pamenepo. Mudzafunikanso pulogalamu yoyendetsera monga ComfyUI kapena AUTOMATIC1111. Ngati mulibe kompyuta yotere, ma model omwewa amapezeka pa masamba amene amabwereketsa mphamvu za makompyuta awo, koma dziwani kuti mukatero zithunzi zanu zikudutsa m'manja mwa anthu ena.

Chachinayi: lembani prompt imodzi yoyesera

Prompt ndi mawu amene mumalembera pulogalamu pofotokoza chithunzi chimene mukufuna. Kuti kuyesa kwanu kukhale kwachilungamo, mawu ayenera kukhala amodzimodzi m'mapulogalamu onse atatu. Mapulogalamu ambiri anaphunzitsidwa ndi zithunzi zofotokozedwa m'Chingelezi, choncho mudzapeza zotsatira zabwino mukakonza maganizo anu m'Chichewa n'kulemba prompt yomaliza m'Chingelezi.

Fotokozani monga mmene wojambula zithunzi angafotokozere ntchito yake. Tchulani msinkhu wa munthuyo, mtundu wa khungu lake, tsitsi lake, chimene wavala ndi mmene nkhope yake ikuonekera, kaya akumwetulira pang'ono kapena ali m'maganizo. Kenako tchulani kumene kuwala kukuchokera, mwachitsanzo pawindo limene lili kumanzere kwake, chifukwa chithunzi chokhala ndi gwero limodzi la kuwala n'chosavuta kuchipenda pambuyo pake. Tchulaninso lenzi. Ojambula nkhope amakonda lenzi ya 85mm chifukwa siitukumula mphuno ngati mmene imachitira lenzi yojambula malo otambalala ikayandikitsidwa kwambiri kumaso, ndipo nambala ngati f/1.8 imauza pulogalamu kuti kumbuyo kwa munthuyo kuoneke mwachimbuuzi. Pomaliza sankhani kaimidwe ka chithunzi, monga 4:5 kapena 2:3, kamene kamayenera chithunzi choimirira.

Pewani mawu otamanda monga akuti wokongola kwambiri, wopanda chilema kapena wangwiro, pakuti mawu amenewa amakankhira pulogalamu ku zithunzi zosalazidwa za otsatsa malonda. M'malo mwake pemphani zinthu zimene khungu lenileni limakhala nazo: timabowo ta pakhungu, makwinya a m'mbali mwa maso, kachipsera kakang'ono, imvi zochepa, nsidze zosafanana ndendende. Ine ndimaona kuti munthu woyenera kuyesera naye pulogalamu si mtsikana wa zaka 25, chifukwa nkhope zotere n'zimene mapulogalamu onse anaona zochuluka pophunzira. Yesani ndi mayi wa zaka 60 wa khungu lakuda, wovala magalasi ndi ndolo, amene waika dzanja lake pachibwano. Pempho limodzi limeneli limayesa ukalamba, mtundu wa khungu, zinthu zoyenera kufanana mbali zonse ziwiri ndiponso zala.

Musaweruze ndi chithunzi chimodzi. Mapulogalamu ambiriwa amayamba ndi madontho osalongosoka n'kumawayeretsa pang'onopang'ono mpaka chithunzi chitaoneka, ndipo madontho oyambirawo amasintha nthawi iliyonse malinga ndi nambala yotchedwa seed. Choncho pangani zithunzi zosachepera 8 pa pulogalamu iliyonse ndipo musunge zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, m'mafoda osiyana. Chimene mukufuna kudziwa si chithunzi chopambana chimene pulogalamu ingatulutse mwamwayi, koma kuchuluka kwa zithunzi zogwiritsika ntchito pa zithunzi 8 zilizonse.

Chachisanu: pendani nkhope mbali ndi mbali

Tsegulani zithunzizo pa sikirini yaikulu ndipo muzikulitse mpaka kukula kwake kwenikweni, chifukwa pa foni pafupifupi chithunzi chilichonse chimaoneka bwino.

Yambani ndi khungu, pakuti ndi pamene mapulogalamu ambiri amalephera. Khungu lenileni silifanana paliponse: pamphuno ndi pachipumi limanyezimira pang'ono, pansi pa maso limakhala lopyapyala ndi lodera, pamasaya timabowo timaoneka bwino, ndipo m'mbali mwa nsagwada mumakhala ubweya wosaoneka msanga. Khungu la AI losapangidwa bwino limakhala losalala mofanana kuyambira pachipumi mpaka pakhosi, ngati la chidole cha pulasitiki. Zimenezi zimachitika chifukwa zithunzi zambiri za nkhope zimene zili pa intaneti zinakonzedwa kale ndi ojambula kapena ndi mafiluta a pa foni, ndiponso chifukwa opanga ma model ena anasefa zithunzi zophunzitsira n'kusiya zimene zinkaonedwa kuti n'zokongola. Samalaninso ndi vuto lotsutsana nalo, pamene pulogalamu yamva pempho lanu la timabowo n'kutimwaza mofanana nkhope yonse, mpaka pamilomo ndi pazikope.

Pa khungu lakuda pendani mosamala kwambiri, ndipo musalole kuti pulogalamu ikupatseni zosakwanira. Onani ngati yasunga mtundu umene munapempha kapena yauyeretsa, ngati mbali ya nkhope imene ili mumthunzi ikuonekabe bwino kapena yangosanduka bii, ndiponso ngati khungu silikunyezimira mopitirira ngati lapakidwa mafuta. Onani ngati mphuno, milomo ndi tsitsi zikugwirizana ndi munthu amene munafotokoza, chifukwa mapulogalamu ena amangodetsa khungu pa nkhope imene maonekedwe ake onse ndi a mtundu wina. Vuto limeneli ndi lodziwika: mu 2023 atolankhani a Bloomberg anapanga zithunzi zoposa 5,000 ndi Stable Diffusion ndipo anapeza kuti anthu a ntchito za malipiro apamwamba ankatuluka kawirikawiri ndi khungu loyera, pamene a ntchito za malipiro otsika ankatuluka ndi khungu lakuda. Ngati mukufuna muyeso woyerekezera, pali mndandanda wa mitundu 10 ya khungu umene unakonzedwa ndi Ellis Monk wa pa yunivesite ya Harvard ndipo Google inayamba kuugwiritsa ntchito mu 2022. Mungapemphe nkhope za kumapeto kodera kwa mndandandawo n'kuona pulogalamu imene ikusiyanitsa bwino mitunduyo.

Kenako pitani pa maso. M'diso lililonse mumakhala kadontho kowala kochokera ku gwero la kuwala, ndipo timadontho ta m'maso onse awiri tiyenera kukhala mbali imodzi ndi kufanana kaumbidwe. Ngati windo lili kumanzere koma kadontho ka diso limodzi kali kumanja, chithunzicho chalephera. Mboni za maso ziyenera kukhala zozungulira ndi zofanana kukula, ndipo maso onse ayenera kuyang'ana chinthu chimodzi. Pa mano werengani amene akuoneka ndipo muone ngati mzere wa pakati pa mano awiri akutsogolo ukugwirizana ndi pakati pa mphuno. Pa makutu yerekezerani ndolo ziwirizo, chifukwa mapulogalamu amakonda kupanga imodzi yaitali ndi ina yaifupi. Pa magalasi tsatirani chogwirira kuchokera kumaso mpaka kukhutu n'kuona ngati sichinasowe m'njira kapena kulowa m'khungu.

Tsitsi lipendeni m'mphepete mwake, pamene limakumana ndi chipumi komanso pamene limakumana ndi zakumbuyo. Tsitsi lolukidwa ndi loyesera labwino kwambiri, pakuti mzere uliwonse uyenera kuyambira penapake n'kukathera penapake, ndipo pulogalamu yofooka imasokoneza mizereyo pakati pa mutu. Za manja zasintha kwambiri poyerekeza ndi mu 2022, pamene zala zisanu ndi chimodzi zinali chizindikiro chodziwika cha chithunzi cha AI, komabe werengani zala, onani zikhadabo, ndipo muone ngati khungu la dzanja likugwirizana ndi msinkhu wa nkhope. Dzanja la mtsikana pa chibwano cha gogo ndi cholakwika chimene chimapezekabe.

Malizani ndi mithunzi, mabatani a malaya, kolala ndi chilichonse cholembedwa kumbuyo. Mukatha, werengani zithunzi za m'foda iliyonse zimene zapambana popanda cholakwika chachikulu ndipo mulembe nambalayo.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani kukonza ndi kubwereza nkhope

Tengani chithunzi chabwino kwambiri cha pulogalamu iliyonse n'kupempha kusintha kamodzi kakang'ono, monga kuchotsa magalasi. Pulogalamu yabwino imasintha malo okhawo, pamene yofooka imakubwezerani munthu wina wofanana naye pang'ono. Mu Photoshop ntchito imeneyi imachitika ndi Generative Fill, mu Midjourney muli chida chosankhira malo oti akonzedwe, ndipo mu Stable Diffusion imatchedwa inpainting. Mu ChatGPT ndi mu Gemini mumangolemba zimene mukufuna, koma muyerekezere nkhope yoyamba ndi yachitatu kapena yachinayi, chifukwa kusintha kochepa kumaunjikana mpaka munthuyo n'kukhala wina.

Ngati ntchito yanu ikufuna nkhope imodzi m'zithunzi zambiri, gawo lino ndi limene liyenera kulemera kwambiri pa chisankho chanu. Perekani chithunzi cha chitsanzo n'kupempha munthu yemweyo ataonekera cham'mbali, akuseka, ndiponso ali panja dzuwa likuwala. Midjourney ili ndi njira yolandirira chithunzi cha chitsanzo, ndipo FLUX.1 Kontext ya mu 2025 inapangidwira ntchito yotereyi. Njira yodalirika kwambiri kwa amene ali ndi luso ndi kuphunzitsa kafayilo kotchedwa LoRA pogwiritsa ntchito zithunzi zapakati pa 10 ndi 30 za munthu mmodzi, zojambulidwa m'kuwala kosiyanasiyana. ControlNet, imene inatuluka mu 2023, imathandiza kulamula kaimidwe ka thupi ndi kumene mutu wayang'ana.

Chachisanu ndi chiwiri: werengani laisensi ndi malamulo a chinsinsi

Anthu ambiri amadumpha gawo limeneli, koma ndi limene lingakubweretsereni mavuto aakulu kuposa chala chowonjezera. Zithunzi za Midjourney zimaonekera kwa anthu ena onse pokhapokha mutalembetsa gawo lapamwamba lokhala ndi Stealth Mode, njira yobisira zithunzi zanu, ndipo kampani imene imapeza ndalama zoposa madola 1 miliyoni pachaka imayenera kulembetsa gawo lapamwamba kuti igwiritse ntchito zithunzizo pa malonda. FLUX.1 ili ndi mitundu yosiyana malamulo: schnell ili ndi laisensi yomasuka ya Apache 2.0, pamene model ya dev inatulutsidwa ndi laisensi yoletsa kuigwiritsa ntchito pa malonda popanda chilolezo china. Pa nkhani ya umwini, ofesi yoona za umwini wa zolemba ndi zojambula ku United States inanena mu 2023 kuti chinthu chopangidwa ndi makina popanda luso la munthu sichingalembetsedwe, ndipo mu Januwale 2025 inafotokozanso kuti kulemba prompt pakokha sikukwanira. Milandu ina yafika kale kukhoti, monga wa kampani yogulitsa zithunzi ya Getty Images wosumira Stability AI mu 2023 ndi wa Disney ndi Universal wosumira Midjourney mu Juni 2025.

Musanakweze chithunzi cha nkhope yanu, fufuzani ngati kampaniyo imasunga zithunzi, ngati imaphunzitsira nazo ma model ake, ndiponso ngati pali njira yozifufutira. Nkhope si nambala yachinsinsi imene mungasinthe ikabedwa. Chithunzi cha munthu wina musachikweze popanda iye kuvomereza momveka bwino atadziwa chimene mukufuna kupanga, ndipo zithunzi za ana musazigwiritse ntchito m'njira imeneyi n'komwe. Pa ntchito yokhudza nkhope za anthu enieni, pulogalamu yoikidwa pa kompyuta yanu ili ndi mwayi waukulu chifukwa zithunzi sizichoka m'nyumba mwanu.

Dziwaninso kuti zithunzi za Google zimakhala ndi chizindikiro chobisika chotchedwa SynthID, pamene za OpenAI ndi za Adobe zimanyamula mbiri ya chiyambi chake motsatira muyezo wa C2PA. Musayese kuzichotsa. Lamulo la AI la European Union, limene linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2024, lili ndi gawo lofuna kuti zithunzi zopeka zofanana ndi anthu enieni zizidziwika kuti n'zopangidwa, ndipo ngakhale kumene kulibe lamulo lotere ndi chinthu choyenera kuuza oonera kuti nkhopeyo si ya munthu amene anajambulidwa.

Chomaliza: sankhani, koma musadzimange

Ikani pamodzi zinthu zitatu za pulogalamu iliyonse: chiwerengero cha zithunzi zimene zinapambana, mmene inasungira nkhope pokonza, ndi ngati laisensi yake ikulola ntchito yanu. Pulogalamu imene yalephera pa laisensi ichotseni ngakhale zithunzi zake zitakhala zokongola chotani. Pa zotsalazo, ngati mukufuna chithunzi chimodzi chokopa maso, tengani imene inapambana pa khungu ndi pa maso, ndipo ngati mukufuna nkhope yobwerezabwereza, tengani imene inasunga munthu yemweyo ngakhale kuwala kwake kutakhala kosachititsa chidwi kwenikweni. Palibenso choletsa kupanga chithunzi mu pulogalamu ina n'kukachikonza mu ina.

Ngati pulogalamuyo ndi yolipira, lembetsani mwezi umodzi osati chaka chonse, chifukwa makampaniwa amatulutsa mitundu yatsopano pakangopita miyezi yochepa ndipo imene ikutsogola lero ingapitiriridwe posachedwa. Sungani prompt yanu yoyesera pamodzi ndi mafoda a zithunzi, mutalemba dzina la model ndi deti pa foda iliyonse, kuti mtundu watsopano ukatuluka mudzauyese ndi mawu omwewo n'kuuyerekezera ndi zimene muli nazo kale.